Kuseri kwa Envelopu

Ntchito ndaipeza ku Ohio,
kunyumba yosamalira okalamba mumzinda wa Dayton,
koma ntchito si denga.
Kuno ku Fresno makatoni afika pazenera,
tebulo ndinagulitsa dzana,
ndiye ndakhala pansi, miyendo tambalale,
ndikuwerengera kuseri kwa envelopu ya bilu ya magetsi.

Madola zikwi zitatu ndi mazana awiri.
Ndawawerenga kanayi konse
ngati kuti akaona khama langa aswana.
Lole yonyamula katundu yaluma kale mbali yake,
petulo wa masiku anayi wayasamula kukamwa,
otsalawo akundiyang'ana:
Renita, ife sitibwera kawiri.

Ya ku Oakwood ndinaikonda ndi maso.
Mitengo italiitali, khitchini yoyera mbee,
sukulu yoti Odessa n'kumapita wapansi.
Mayi wa pafoni anatchula renti mofatsa
ngati akutchula dzina la mdzukulu wake.
Ndinathokoza mwaulemu,
ndinadula foni,
ndinaseka mpaka galu anadzuka.

Ya ku Xenia inali yotchipa mochititsa manyazi.
Usiku wonse ndinagona nayo mumtima,
ndinaikamo makatani, ndinadzala maluwa pakhonde.
Kutacha ndinayeza mtunda ndi chala pamapu:
basi yausiku kulibe,
ndipo Corolla yanga imatsokomola ikangomva chitunda.
Renti yotsika imabisa mchira wake muthanki ya galimoto.

Mlongo wanga Curtis akuti khala kaye m'motelo,
uone malo ndi maso ako.
Curtis, motelo imadya ngati chiswe,
mwezi umodzi chikole chonse phuu.

Kenaka Lavonne, amene ndidzagwire naye ntchito,
munthu woti nkhope yake sindinaionepo,
anati pali zipinda ziwiri zam'mwamba kufupi ndi njanji,
kwa Mayi Wozniak, wamasiye wa zaka makumi asanu ndi awiri.
Anapitako yekha ataweruka, foni m'manja.
Anatsegula mpope, madzi anabwera.
Ananunkhiza m'makabati m'malo mwanga.
Kapeti ndi yakale, anatero, yamtundu wa mpiru wouma,
sitepe yachitatu imalira,
koma mawindo amatseka ndithu.

Safunsa anadya phula.
Ndinafunsa: moto wotenthetsa nyumba amalipira ndani?
Ine wa dziko la dzuwa, Januwale wa kumeneko ndimangomumva,
akuti amalowa pansi pa chitseko n'kukakhala m'chikwama.
Mayi Wozniak anakuwira patali:
uli m'renti momwemo!
Nanga galuyo ndi wamkulu bwanji?
Ndinati ngati buledi awiri.
Ndinanama ndi buledi mmodzi.

Basi nambala 4 imaima pakona,
golosale ili kuseri kwa tchalitchi cha njerwa zofiira,
sukulu si ya m'maloto, koma ili ndi kwaya,
ndipo Odessa amaimba ngakhale akutsuka mano.
Chovuta ndi sitima.
Imadutsa thuu koloko usiku, makapu amanjenjemera pashelefu.
Nthawi imeneyo ine ndidzakhala ndikutembenuza odwala pabedi,
woimva ndi mwana wanga,
ndi gogo wam'munsiyo amene akuti tulo anasiyana nato kalekale.

Ndinamuuza Odessa zonse, osabisa kapeti.
Anakhala chete, akumata katoni ndi tepi.
Zaka khumi ndi zinayi, anzake onse akuwasiya kuno.
Kenaka anati: zenera langa likuona njanjiyo?
Ndinati eya.
Ndiye ndizidzawerenga mabogi, anatero,
mukabwera m'mawa ndizikuuzani.

Chikole ndatumiza.
Kuseri kwa envelopu kwatsala madola mazana anayi ndi khumi,
jekete ziwiri zoti tikagule pakaunjika,
ndi adiresi imene ndailemba katatu
kuti dzanja lizolowere.