Nambala 0417

Bokosi lozizira lafika dzuwa litapendeka,
fumbi la ku Rufunsa likadali pachivundikiro.
Lazalo akuti matayala awiri anaphulika panjira,
mlatho wamitengo anauwoloka atagwira mtima.
Ndasaina. Wapita kukagona ku Kalingalinga.

Timabotolo makumi anayi, kalikonse ndi nambala yake.
Muno sitidziwa mayina, ndilo lamulo.
Magazi alibe mfunda, alibe mudzi,
amangogona pagalasi, chete.

Ndaika diso pamaikulosikopu.
Pa 0417 kachilombo kakuvina,
kakupinda mchira pakati pa maselo ofiira
ngati mlamba m'thamanda lakuphwa.
Kaodzera.
Ndalemba m'kaundula ndi bolopeni yakuda.

Koma pepala lachilolezo linatsalira pansi pa bokosi,
lonyowa m'mphepete. Silinayenera kundipeza.
Posaina pali chidindo cha chala chachikulu,
ndipo pakati pa mizere yake pali mpata woyera,
chipsera chopingasa.
Ndikuchidziwa.
Ndinalipo tsiku limene mpeni unaterereka
atsibweni a Sandifolo akusenda bango la mono.
Kansalu komangira ndinang'amba kudiresi langa la sukulu,
amayi anandikalipira sabata yathunthu.

Magetsi azima.
Jenereta yatsokomola kawiri, yagwira.
Firiji yayambanso kung'ung'udza.

Lolemba theka la magaziwa likwera ndege,
ndege yomwe atsibweni amangoionera m'munda
atatchinga maso ndi dzanja.
Akawerengedwa m'mizinda yachisanu,
adzasanduka kadontho kofiira pakhoma la msonkhano,
ndipo anthu adzawomba m'manja.
Sindikunyoza. Mankhwala amabadwa motero.

Nanga yankho litsikira pati kupita kuchigwa?
Netiweki imagwira pachulu chimodzi chokha,
mnyamata wafoni amakwerapo Lachisanu basi.
Galimoto ya kafukufuku ibwererako mwezi wamawa,
mafuta akapezeka, mvula ikalola.
Kachilombo sikadikira bajeti.
Kakuyenda usiku uno, kulunjika kumutu.

Ndavula magolovesi. Ndasamba m'manja nthawi yaitali
kuposa mmene buku limanenera.
Panja minibasi ya ku Mtendere ikuitanabe anthu otsiriza.

Ndaimbira Lazalo. Yalira, yalira.
"Alongo, ndagona ine."
"Dzukani. Kuli wina akugona tulo toposa tanu."
Chete.
"Mafuta alipira ndani?"

Ndatsegula kachikwama.
Ndalama ya lendi, yopindidwa panayi,
yandiyang'ana.
Mufoni ndikumva bedi likulira,
kenaka makiyi kugwa pasimenti,
ndi munthu akutukwana nsapato mumdima.