Nsapato Yanga ku Kanyama

Anati ndikupita kunja.
Amayi anagulitsa mbuzi ziwiri
nandigulira jekete yaubweya pa kaunjika.
Kunjako kunali tsiku limodzi pa basi,
chidindo chimodzi pa Mwami,
ndipo ndinatsika pa Intercity thukuta lili kamukamu,
jekete m'khwapa ngati mwana wa eni.

Lero ndi sabata yachisanu.
Ndimadzuka tambala wa aneba asanaganize zolira,
magetsi atathawa kale,
n'kuwerenga Salimo ndi kuwala kwa foni.
Mnzanga Lungowe amapemphera m'Chilozi chakwawo ku Mongu.
Sindimvapo kanthu koma ameni.
Ameniyo timagawana pakati.

Kenako chigubu, mzere wa pampopi,
kusita siketi ndi makala opempha,
baji pachifuwa, dzina langa atalilakwitsa:
Sungeni wasanduka Sungani,
ngati malangizo a pakhoma la banki.

Kuno nayo ndalama ndi kwacha,
dzina lomwelo, kulemera kwina.
Ndikamagula tomato mutu umathawira ku msika wa Luchenza
kukawerengera kumeneko, n'kubwerako utakwiya.

Chinenero ndimati n'changa.
Koma ndikati tsopano, iwo amati manje,
ndikati ndikufuna, ana amafa nalo phwete:
Ba Sisita akamba monga Baibulo!
Dzana kondakitala anandiyankha kuti ameni
nditangofunsa chenji changa.

Timagogoda.
Geti lachitsulo limaotcha zala,
galu amayankha msanga kuposa mwini nyumba.
Bwerani mailo, amatero pa kabowo.
Ndaphunzira kuti mailo ndi mawa
komanso mailo yemweyo ndi dzulo,
ndiye sindidziwa ngati tafulumira
kapena tinachedwa kalekale.

Lachitatu mvula inagona m'misewu osadzukamo.
Tinadumpha mwala ndi mwala, timabuku pamutu,
mpaka nsapato yanga yakumanzere inayasamula kukamwa
n'kuyamba kumwa Kanyama yense.

Pakhonde la chigayo pali a Hamoonga,
osoka nsapato, misomali itatu pamlomo.
Ndinati: Pepani bambo, mungandithandizeko?
Misomali inagwa.
Anati: Bwerezani.
Ndinabwereza, ndikuyesa ndalakwitsanso.
Anati mayi awo anali a ku Thyolo,
anabwera ndi mwamuna wa panjanji, osabwereranso,
ndipo chiwaikireni m'manda ku Chingwere
palibe anawauzapo pepani wotalika chotero.

Ndinatsegula chikwama, vesi lili kale pa lilime,
lomwe ndinaloweza miyezi itatu kumaphunziro.
Anagwedeza mutu. Ayi, zimenezo mailo.
Kambani chabe. Zilizonse.

Ndiye ndinakhala pa chitini cha penti,
phazi limodzi m'mwamba ngati kakowa,
n'kuwauza mtengo wa sopo kwathu,
za mlongo wanga wolephera masamu,
za nkhungu ya m'minda ya tiyi
imene imanyowetsa munthu osagwa mvula,
za mbuzi ziwiri zija, maina awo omwe.
Iwo ankangosoka, osadzutsa mutu.
Ulusi wina unalowa malo awiri.
Ndalama anakana.

Madzulo pali fomu yodzaza:
makomo angati, timabuku tingati, angati alonjeza kubwera Lamlungu.
Lungowe wagwira cholembera, akundiyang'ana.
Tilembe chiyani pa ola lija?
Ndayang'ana mizere yonse, mpaka kuseri kwa pepala.
Palibe kabokosi ka munthu amene anamva mayi ake
m'kamwa mwa mlendo wa nsapato imodzi.

Lemba kuti tinasoketsa nsapato, ndatero.

Magetsi abwera pakati pa usiku, tonse titagona,
babu n'kuyaka pa ife ngati funso.
Ndadzuka kukazimitsa.
Pakhomo nsapato ija ikuuma, yatseka pakamwa.
Jekete ya amayi ndiyo pilo wanga.
Ikununkhabe utsi wa kwathu, pang'ono,
mbali imene sindigonera.