Malaya a Mabatani

Sabata yachitatu.
Manja anga ali ndi malire:
amafika paphewa n'kubwerera.
Kapu ya pashelefu yapamwamba
ndimangoiyang'ana ngati mwezi
mpaka Asiyatu abwere kuchokera kumsika.

Ndimagona chagada, mapilo atatu kumsana,
thumba la mpunga loyedzamitsidwa kukhoma.
Okutobala wa ku Mpondasi alibe chisoni.
Malata amalira okha masana,
thukuta limakwawa pansi pa bandeji
n'kukapeza pomwe padadutsa ulusi.
Osakanda, adatero namwino wa ku Joni.
Ndimakanda bondo m'malo mwake.

Zaka zinayi ndidatsuka magalimoto a eni,
kuponya marandi m'chitini cha mkaka.
Anzanga ankatumiza kumudzi malata ndi njinga zamoto,
ine ndinkasungira chifuwa changa chomwe.
Pobwera ndidakumbatira pilo m'basi,
pa Mwanza, pa Zalewa, pa Liwonde,
bampu iliyonse ndikuiwerenga ndi mano.

Anansi adauzidwa kuti chinali chotupa.
Mayi Mdoka adabwera ndi mandimu m'mbale,
pepani, pepani, Mulungu ndi wamkulu.
Ndidalandira pepaniyo ndi manja awiri
ngakhale pa zomwe zidatsala patebulo la dokotala
palibe chomwe ndingabwerere kukatenga.

Azana ikamveka mbandakucha
ndimaswali chokhala pampando wapulasitiki.
Mphumi siifika pansi.
Ndimangoweramitsa mutu pang'ono,
mtunda wotsalawo akuudziwa Mwiniwake.

Pali malo, kumanzere, pafupi ndi chipsera,
pomwe chala chikakhudza sindimva kanthu,
ngati ndikugogoda pakhomo la nyumba yatsopano
mwini wake asanasamukiremo.
Akuti mitsempha imabwerera mwakachetechete, ngati nyerere.
Dzana usiku china chake chidandibaya pomwepo, tswii,
ndidaseka ndekha mumdima,
kusekako n'kundipwetekanso.
Odi wanga wayankhidwa.

Nsalu zija ndinkadzimanga nazo kuyambira Fomu 2,
zondidula mpweya ndikamapalasa njinga pamsewu wa Namwera,
zondisiyira zilonda m'khwapa nyengo ngati ino,
Asiyatu wazing'amba.
Zina akukolopera pakhonde,
ina wamangira mpini wa tsache.

Amayi sadabwere.
Amakhala kutsidya kwa mlatho, kwa M'baluku,
ulendo umodzi wa kabaza,
koma sadabwere.
Lachinayi adatuma mwana ndi jumbo yakuda.
M'katimo malaya a malemu bambo,
oyera a mizere yobiriwira, ositidwa,
a mabatani kutsogolo.
Kalata munalibe.
Batani lachitatu ndi la mtundu wina,
ulusi wake ukadali watsopano.
Adawauza ndani kuti sindingavale zodutsa pamutu?
Ndafunsa Asiyatu, wangopitiriza kusankha nyemba.

Dzulo masana kudafika wogulitsa makala,
mawu ake ngati ali pamsonkhano.
Ndili chigonere ndidamva kuchipata:
tsitsani mawu, mlongo wanga akugona.
Zaka zonsezi ndinali mng'ono wake.
Mlongo.
Adalitchula ngati akutchula mtengo wa tomato,
kenako n'kuyamba kunenerera makalawo.
Misozi idatsikira m'makutu
poti wogona chagada salira molongosoka.

Lero tamasula bandeji kuti pawombe mphepo.
Mizere iwiri, yofiira, yotupa pang'ono,
wakumanja wokhota kuposa mnzake.
Si zokongola.
Ndaima pagalasi long'aluka la Asiyatu
nthawi yokwanira kuwiritsa madzi a tiyi,
osayang'ana kumbali,
mapewa osapinda, koyamba chikhalire.

Ndalowetsa dzanja limodzi m'malaya, kupuma,
kenako linalo.
Mabatani asanu ndi limodzi, kuyambira pansi.
Nsalu yagona pathupi phwatalala,
fungo la sopo wa amayi lili m'kolala.

Kuchoka pakhomo kufika pachipata ndi mapazi makumi awiri ndi atatu.
Wakabaza wina wachepetsa liwiro:
tipite, achimwene?
Ndapukusa mutu. Osati lero.
Koma ndamufunsa mtengo wa kutsidya.