Osamanga Ili M'malere

Pijo ya a Maliwichi
inakhala zaka khumi ndi zisanu pa njerwa
kuseri kwa nyumba ku Chilomoni,
nkhuku zikuikira mazira pampando wakumbuyo.
Tinaikoka ndi chingwe mu Juni, chiperoni chikuwaza,
mpaka kugalaja kwanga kuno ku Ndirande
komwe denga ndi malata asanu, kwinako thambo.

Mabawuti apansi anali atakwatirana ndi dzimbiri.
Ena tinawanyengerera ndi parafini masiku atatu,
ena tinawaotcha,
imodzi inaduka mutu n'kunditengera khungu la pachala.
Mabushi atsopano tinakawapeza ku Limbe,
wogulitsa anauzira fumbi pakatoni
n'kutchula mtengo osaphethira.

Lero Yotamu, mnyamata wanga wa manja othamanga,
walowa pansi galimoto ili pa jeke,
mawilo akulendewera
ngati miyendo ya mwana pabenchi la m'tchalitchi.
Wasomeka paipi kusipanala,
akufuna akoke mpaka nati ilire mayo.

Ndati leka.
Ingopota ndi zala, igwire pang'ono basi.

Wandiyang'ana ngati ndam'mana malipiro.

Ndinali ngati iyeyu, pa Datisani ya munthu wina kalekale.
Ndinamanga zonse ili m'malere, mwamphamvu, monyada.
Titaitsitsa, labala yense anapotoka m'kati mwakachetechete
ngati chovala chofinyidwa chomwe aiwala kuyanika,
ndipo miyezi iwiri isanathe
inayamba kulira kwii, kwii m'maenje a ku Zingwangwa,
mwiniwake akutchula dzina langa kwa aliyense womufunsa.

Labala saiwala pomwe unam'mangira.
Ukam'gwira galimoto isanasenze thupi lake
amakhala wopotoka mpaka kung'ambika,
ngakhale itaima pamthunzi osapita kulikonse.

Choncho tsitsa jeke.
Matayala aponde pamatabwa awa kuti tipeze polowera.
Idinikize katatu kutsogolo, katatu kumbuyo,
ipume, ikhazikike.

Kenako taitana a Maliwichi.
Maso awo anachita ng'ala, laisensi inatha kalekale,
koma mpando uwu umadziwa iwowo.
Alowa pang'onopang'ono, ndodo aitsamiritsa pakhomo,
manja apeza okha chiwongolero,
ndipo Pijo yatsika pang'ono, muyeso wa chala chimodzi,
ngati munthu wogwadira kulandira moni.

Tsopano manga.
Paipiyo ponya uko.
Tenga sipanala ya muyeso ija ndimaikulunga m'thaulo,
nambala tiwerenge m'buku lothimbirira ndi oyilo,
tisaganizire.
Koka mosalala, osati modzidzimutsa ngati ukuzula chinangwa.
Ikati tha! imani pomwepo, iwe ndi mtima wako.
Pang'ono-pokha ndi amene amadya mazinga.

Nati ya mano ija uyang'ane bowo lake,
ulowetse pini yatsopano, uipinde miyendo.
Yakale itaye. Msomali ayi,
ndakuona dzulo ukuuyang'ana.
Bawuti iliyonse yomwe wamaliza uidontheze penti yoyera
kuti mawa tisakangane.

Pamwamba pathu a Maliwichi akuyankhula okha.
Akutchula msewu wa ku Chileka usanadzaze minibasi,
akutchula mayi wina dzina lake Elube
yemwe ankagwira chipewa pawindo,
akusintha magiya injini ili chete.
Ife pansi, zinyenyeswa za dzimbiri zikugwera m'maso,
tikumva kulemera kwawo kukutsika m'zitsulo,
kudutsa m'sipuling'i,
mpaka panati yomwe ili m'manja mwa Yotamu.

Tha!

Mnyamata waima pomwepo, osawonjezera.
Watuluka chagada, wapukuta manja pa ovolosi,
wawerenga madontho oyera, onse akwana,
n'kundinong'oneza ngati awauze akuluwo kuti atsike.

Ndayang'ana pagalasi.
Chigongono chili pawindo, chibwano m'mwamba.

Ndati asiye,
ndanama kuti kwatsala ziwiri zakumbuyo.