Chilembo Chachisanu

Gocha wa makina osindikizira anandibwezera fayilo
cha m'ma 4 koloko, mvula ya ku Kutaisi ikukanda zenera.
"Nutsa, ichi n'chithunzi chabe.
Ndikachikoka kufika mamita anayi
chinyenyeka ngati buledi wadzana, timabokosi tokhatokha.
Ndipatse mizere. Ndipatse vekita."

Chithunzicho ndinajambula ndi foni:
chivindikiro cha katoni ya nsapato, chothimbirira,
pomwe bambo anga, a Ramaz, analemba ndi dzanja lamanzere
sitiroko itawalanda lamanja:
timakonza nsapato, timadula makiyi.
Zilembo zathu za Chijojiya, zopiringizika
ngati timanja ta mpesa tikusaka pogwira.
Mlongo wanga Temur akufuna zomwezo, osati zina,
pamwamba pa khomo la shopu yatsopano.

Ndiye ndinakhala pansi kulondola mapazi a bolopeni.
Mfundo apa. Mfundo apo.
Pakati pake ndikoke timikono tiwiri
mpaka mzere uvomere kupindika.
Chithunzi chimaloweza kafumbi kalikonse pomwe kanagwera,
koma mzere umangosunga malonje a njira:
nyamukira apa, khota chonchi, ukaime uko.
Uukulitse ngati khoma, uuchepetse ngati sitampa,
susochera.

Pa chilembo chachisanu dzanja lawo linaterereka.
Kadzino kakang'ono,
monga pomwe singano yalumpha pachikopa.
Pulogalamu inandifunsa mwaulemu ngati ndikufuna kusalaza.
Ndinadina inde.
Chilembo chinawongoka, chinawala,
chinasanduka cha munthu wosadwalapo,
amene sanagwetsepo supuni katatu pa chakudya cha Lamlungu
n'kuyamba kuseka yekha kuti ife tisalire.
Ndinabweza m'mbuyo.
Kadzino kaja kanandidyera mfundo khumi ndi imodzi
ndi makapu awiri a tiyi amene anazizira osamwedwa.

Kenaka kabokosi ka mafunso, ngati mlonda wa pachipata cha dziko.
Pepala lalikulu bwanji?
Mitundu ya pa sikirini, kapena ya inki zinayi?
Buluu wa bambo anali wa bolopeni yotchipa ya pa kiyosiki;
inki zinayizo sizimudziwa,
zinangondipatsa msuweni wake.
Ndinasiya mamilimita atatu m'mphepete, chakudya cha mpeni.
Nambala ya foni nayo ndinaisandutsa mizere
kuopa kuti kompyuta ya Gocha ingaiveke zovala za eni.

Chotsala chinali katoni ija,
yomwe inagona kunsi kwa ntchito yonse usiku wonse.
Kuizimitsa n'kudina kamodzi.
Apa ndiye chala chinazengereza:
dontho la guluu pakona,
chidindo cha chala chachikulu chodetsedwa ndi polishi,
mtengo wa zidendene wofufutidwa kawiri.
Izi mizere sinyamula.
Ndinazimitsa. Zilembo zinatsala zokha poyera
ngati anthu amene basi yawasiya.

Dzina la fayilo: chomaliza-chenicheni-3.
Mtundu: PDF.
Sunga.

Makilobaiti makumi anayi.
Zaka makumi atatu pa benchi limodzi, misomali ili pakamwa,
zapepuka kuposa chithunzi cha mphaka
chimene mnzanga Tsisana ananditumizira masana.
Ndinaitsegulanso, n'kuikulitsa, n'kuikulitsabe,
kufuna kuona ngati pena ingang'ambike.
Ayi. Mphepete zinangoti see, mpaka pansi.

M'mawa Gocha anaimba, makina akung'ung'udza kumbuyo kwake.
"Yatseguka bwinobwino, yakuthwa ngati lumo.
Koma pali cholakwika pa chilembo chachisanu.
Pa mamita anayi chikula ngati chikhatho changa,
aliyense wodutsa pa msewu achiona.
Ndikonze? Ndi masekondi awiri."

"Usakhudze."

Anakhala chete. Anamwa kena kake.
"Ndalama n'zanu," anatero,
n'kuika foni pa tebulo osaidula.

Ndinamva pulasitiki ikulowa m'makina,
kenaka kampeni kakuyenda, siii, siii,
choyamba, chachiwiri, kukhota, kukwera,
ine ndikuwerenga nditaima m'khitchini, osavala nsapato,
kudikira pomwe chitsulo nacho
chinjenjemere.