Nachisale wa pa Chitseko

Inafika ndili mnyamata wonyamula masipanala,
utoto ukuwala ngati mbale za pa ukwati.
Ankati yaoloka nyanja zamchere,
yabadwira kumene madzi amauma gwa ngati mwala.
Tinaiombera m'manja pa Limbe,
a Likagwa, kapitawo wosaseka uja, mpaka anavula chipewa.
Tinaitcha Nachisale.

Chaka choyamba, ndisaname, inkayenda.
Ikamakwera kuchokera ku Luchenza, mabogi ali ndondondo,
amayi a nthochi ankadziwira nthawi pa kulira kwake.
Kenaka fumbi la chilimwe linailowa m'mapapo.
Inayamba kutsokomola utsi wakuda bii,
tsiku lina n'kungoti zii pachitunda,
apaulendo kutsika, kugula chinangwa,
ena kuyala zitenje pa udzu mpaka nyenyezi.

Tinalemba kalata.
Kachitsulo kake sikaposa chala changachi.
Akuti kali padoko.
Akuti kali m'mapepala.
Mvula inagwa, inakata, inagwanso:
akuti eni ake anasiya kale kusula zoterozo.

Ndiye tinayamba ufiti wa masanasana,
kuzula mtima wa iyi, kuika mwa iyo.
Pampu ya Nachisale inkafika ku Balaka m'mimba mwa inzake
mwini wake ali chigonere kuseri kwa shedi,
mavu atamanga pa mpando wa dalaivala,
chisoso chikumera pakati pa mawilo.
Ine ndemwe ndinamasula nati yomaliza.
Sindinadye tsikulo.

Pano ndili ku Bangwe, penshoni inasungunuka ngati sopo.
Pa chitseko chakale chomwe ndinagoneka pa njerwa
ndayala njanji ya masipoko a njinga,
timitengo ta machesi m'munsi mwake, kamodzikamodzi,
phiri la Mpingwe ndaliumba ndi dothi la pachulu.
Nachisale wanga ndi chitini cha mafuta ophikira.
Mota ndinaisolola mu wailesi ya kaseti
ya malemu mayi a ana,
ndiye ikamazungulira, ndimamva ngati akung'ung'udza kukhitchini.
Mdzukulu wanga Ndaziona ndiye mkulu wa siteshoni,
mbendera yake kansanza kofiira, wezulo wa ku mpira.

Dzulo inaima.
Pachitunda pomwepo, taonani!
Mwana anandiyang'ana, nkhope ili ndwii:
Agogo, tilembe kalata?

Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa.
Lamba ndiye anaduka.
Ndinacheka legeni ku chubu chakutha,
kumanga, kulavulira pang'ono, kukankha ndi chala.
Tiyi asanapole inali itadutsa kale pa mlatho wa chipande.

Usiku, Limbe ikagona, mphepo imabweretsa yeniyeni,
yatsopano, ya kwinanso, ikubuula kumunsiko.
Ndimadzutsa mutu pa pilo.
Makutuwa sanapume pa ntchito.
Pali pena pakugogoda m'kati mwake,
pang'ono chabe, ngati mlendo wamanyazi pakhomo,
ndipo penapake mnyamata wa masipanala
sanadziwebe kuti adzalemba kalata.