Udzu Unali Umodzi

Zaka khumi ndi ziwiri pampando womwewu,
msana kuphiri la Zomba, nkhope kumafailo.
Mnyamata amene ndinamuphunzitsa kudinda malisiti
lero ndimagogoda ndisanalowe kwake.

Akuti Chingerezi chake n'chosalala.
Changa chimanunkha fumbi la ku Jali,
kumene tinkalemba pansi ndi chala,
aphunzitsi n'kufufuta ndi phazi.

Bambo ake ankamenya gofu ndi azungu ku Gymkhana,
anga ankawanyamulira thumba la ndodozo.
Udzu unali umodzi.

Musandiyang'ane choncho, a Namakhwa,
sindikudandaula.
Mwina ndi nzeru zake ndithu.
Koma dzulo maakaunti atasokonekera
anatseka chitseko, nanong'ona:
"Achimwene, tandionetsaninso."

Ndinamuonetsa.
Kunja mvula ya m'phiri inali itayamba,
ambulera nditaiwala m'minibasi.